Chitseko cha Apongozi

"Ba neba, nizoona ati bamudala baja benze ba dokota?"

Anandifunsa choncho mayi wa ku Zambia amene tinagundana mpanda kuno ku Armadale, ku Australia, tonse tikuyanika zovala. Madala ankanenawo ndi apongozi anga aamuna, amene mayiyo ankandiona ndikuwakankha pa chikuku kupita nawo ku paki, uku ndikuwapukuta malovu ndi kansalu. Ndinati eya, anali dokotala, kenaka anakhala phungu. Anaseka poyesa ndikucheza, ataona nkhope yanga n'kusiya. Sindinamuuze zambiri chifukwa mwana ankalira m'nyumba. Ndiye ndati ndilembe, ngakhale sukulu ndinalekezera Sitandade 7.

Bambo amenewa ndiwo anayamba kundigwira pa dziko lino. Mayi anga atavutika nane, anawatengera pa ngolo kuchipatala cha boma, kumene dokotala analiko mmodzi yekha, iwowo. Anawachita opaleshoni n'kunditulutsa. Kwathu mabanja ambiri anali ndi chipsera chawo, wina pamimba, wina pamwendo. Munthu akafika ali kayakaya, achibale sankafunsa za mankhwala. Ankangoti, "Adokotala alipo?" Akamva kuti alipo, amayi ankayala zitenje pansi pa mtengo n'kuyamba kusonkha moto, mitima ili m'malo.

Nditakula ndinkagulitsa mandasi pageti pa chipatala chomwecho. Mwana wawo wamwamuna, amene ankaphunzira unamwino, ankagula mandasi oposa mimba yake. Nkhani ya ukwati itamveka, azakhali ake anakana kuti mwana wa dokotala sangakwatire wosaphunzira. Bambowo anangoti, "Mwana ameneyu ndinamuona ine amake asanamuone. Ngati ali ndi polakwika, ndinalakwitsa ndine." Inathera pomwepo.

Pamene ndinkalowa m'banjamo n'kuti atasiya kale mpeni. Chinawachotsa kuchipatala ndi mtsinje. Dzinja lililonse mlatho wamitengo unkakokoloka, amayi oyembekezera a tsidya lina n'kumafika mochedwa, ena atazizira kale. Anthu anawauza kuti, "Adokotala, inu mukusoka kuno koma nsalu ikung'ambikira uko. Kaimeni, mukatibweretsere mlatho." Anaima, ndipo anapambana mosavuta. Zipilala za mlathowo zinadzukadi. Mpaka lero zilipo, ana amakwerapo n'kumadumphira m'madzi.

Koma ntchito yeniyeni ya phungu kwathu ndi maliro. Kukacha, khonde ladzaza. Kale anthu ankabwera kudzaonetsa pamene pakuwawa, tsopano ankabwera kudzapempha bokosi, galimoto yonyamulira thupi, chimanga chodyera pasiwa. Pikapu yawo inkanyamula mitembo sabata yonse. Apongozi aakazi ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi wochiritsa anthu, lero ndikukhala ndi wokumba manda." Bambo ankangoseka n'kutenga makiyi.

Chipani chinawakweza kukhala gavanala wa chigawo. Anayamba kuvala malaya a nsalu yachipani, mimba inatuluka, ndipo pamisonkhano ankalankhula mawu onyoza anzawo amene sitinkawadziwa nawo. Tsiku lina ndinawamva pa wailesi ndikusenda mbatata, ndinazimitsa. Chiphaso chawo chaudokotala chinatha ntchito, iwo osachikonzetsa. Kenaka anagonja pa mapulaimale kwa mnyamata wina wamalole amene ankagawa zitenje ndi mipira. Mafoni anasiya kulira. Posakhalitsa apongozi aakazi anamwalira, ndipo a chipani amene anabwera kumaliroko anakwana pa benchi imodzi.

Ife apo n'kuti tili kuno kale, mwamuna wanga atapeza ntchito ya unesi kunyumba yosamalirako okalamba. Tinkaopa kuti bambo atsatira akazi awo, chifukwa pa foni mawu awo anali a munthu wotopa nalo dziko. Koma tsiku lina anaimba akumveka ngati mnyamata. Anati ofesi yawo yakale ya uphungu, imene ili tsidya lija la mtsinje, aisandutsa kachipatala. "Mlatho unandikanika, ndiye ndiwoloka ineyo." A bungwe la madokotala anawauza kuti ayambe agwira kaye miyezi ingapo pansi pa madokotala achinyamata, ena a iwo ophunzitsidwa ndi iwo omwe. Anavomera osanyinyirika. Anati asanayambe, abwere adzaone khanda lathu lachiwiri.

Anafika nthawi yotentha, kutentha kwa kuno kumene ngakhale mbalame zimakhala kukamwa yasa. Masana onse ankakhala patebulo lathu lodyera, magalasi pamphuno, akumanga mfundo pa chogwirira cha kapu ndi ulusi wanga wosokera. Ankatenga ntchafu ya nkhuku, kuicheka ndi lezala, n'kuisoka ndi kasingano kokhota kamene anabwera nako. Ndinaphikapo nkhuku yosokedwa kangapo konse. Ankati, "Manja saiwala, amangochita ulesi." Chimene ankafuna m'moyo chinali chimodzi basi, kubwerera akagwirenso odwala.

Ine zonsezi ndinkazionera patali, chifukwa ndi apongozi. Kwathu mpongozi sugwirana naye chanza, sudyera naye pamodzi, suyang'ana nkhope yake, ndipo kuchipinda kwake supondako. Pali kamwambo kopatsana mphatso, kaya nkhuku, kuti mumasukirane pang'ono, koma ife sitinachite. Ukwati wathu unagwa nthawi ya kampeni, ndipo tsiku lililonse bambo anali kumsonkhano kapena kumaliro. Tsono nyumba ya kuno ndi yaing'ono, bafa limodzi, kanjira ka m'kati kopapatiza. Tikati tikumane m'kanjiramo, ine ndinkabwerera chafutambuyo mpaka kukhitchini.

Mwamuna wanga ankafa nazo kuseka. "Amake mwana, kuno ndi ku Perth. Mukuthawana ngati wakuba ndi wapolisi!"

"Iwe, usiye mpongozi wanga, ameneyu analeredwa," bambo ankamuyankha. "Mwambowo tikachitira kumudzi, ndi nkhuku yoyenda ndi miyendo yake. Osati za m'firiji zopanda mitu zanuzi."

Kunena zoona, mawu amenewo ankandikomera. M'banja la anthu ophunzira, ulemu ndi umene ndinali nawo wochuluka kuposa onse.

Tsikulo mwamuna wanga anapita shifiti yam'mawa. Mwana wamkulu anali kusukulu yamkaka, khanda lili kumbuyo kwanga. Ndinapanga tiyi monga mwa masiku onse, ndinagwada pachitseko chawo n'kugogoda. "Odi, bambo, tiyi." Masiku ena ankatsegula n'kufunsa ngati kakhandako kagona bwino. Tsiku limenelo panadutsa kanthawi, kenaka mawu anamveka olemera, ngati a munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa.

"Siyani... pomwepo."

Ndinasiya. Ndinati mwina tulo. Ndinachapa, ndinakolopa, ndinayamwitsa mwana. Pobwerera ndinapeza tiyi wazizira, nyerere zazungulira shuga. Ndinagwadanso.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

"Bwino."

"Tiyi uja simunamwe."

Iwo anangoti, "Mwana... wanga... abwera?"

"Madzulo, bambo. Kodi mukumva kuwawa penapake? Ndiitane anthu?"

"Ayi. Pitani, mayi."

Mawuwo ankamveka ngati akuchokera pansi, osati pabedi. Ndinaimbira mwamuna wanga, foni inangoitana, chifukwa kuntchito kwawo amaisiya mu loka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinaima pachitsekocho, dzanja lili pa chogwirira. Sichinali chokiya. Koma munthu wamkulu, dokotala weniweni, wandiuza ndi pakamwa pake kuti ali bwino, ndipite. Ine wa mandasi ndikanamuitanira ambulansi? Ndikanalowa n'kuwapeza akuvala, nkhope ndikanaiika kuti?

Kukanakhala kumudzi, nkhani yake inali yaing'ono. Ndikanangotuluka n'kukuwa, alamu kapena bambo aliyense wa nyumba yoyandikana akanalowa. Mwambo uja unapangidwira malo amene anthu sasowa. Kuno ndinatuluka panja, msewu wonse uli zii, magalimoto onse apita kuntchito, mayi wa ku Zambia uja naye kulibe. Dzuwa lokhalokha ndi mabini a zinyalala.

Ndinaimbira mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene amakhala ku Girrawheen. Anati, "Mwachita bwino osalowa, mayi. Ndikubwera." Koma Girrawheen ndi mbali ina ya mzinda, ndipo galimoto inali ndi akazi awo. Anakwera basi, kenaka sitima, kenaka ina. Ine ndinakhala pansi m'kanjira muja, khanda pamiyendo, ndikulankhula ndi chitseko. Ndinkawauza kuti a mkulu wa mpingo ali m'njira. Poyamba ankayankha kuti "mm". Kenaka anasiya.

A mkulu wa mpingo anafika dzuwa litapendeka. Anatsegula, ndipo ndinangomva akufuula, "Mayi, imbani ambulansi! Msanga!" Anawapeza ali pansi pakati pa bedi ndi khoma. Anagwa akuvala, anali ndi kabudula wam'kati yekha, ndipo anali atadzinyowetsa. Ndi dzanja lamanzere anali atakoka nsalu ya pabedi n'kudzifunditsa mpaka m'khosi.

Kuchipatala dokotala wamkazi anafunsa kuti zinayamba nthawi yanji. Mwamuna wanga, atafika ndi yunifolomu yake, anandimasulira. Nditayankha, mayiyo anangotseka maso pang'ono. Anati ndi sitiroko, magazi anaundana mu mtsempha wa m'mutu. Pali mankhwala osungunula, koma amathandiza munthu akafika msanga, ndipo nthawi yake inali itadutsa. Mwamuna wanga sanandikalipire. Anangokhala pampando n'kugwira mutu, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

Patapita masabata, mawu ena anayamba kubwerera, amodziamodzi, ngati madontho a pampopi wotha madzi. Mwana wawo anawafunsa, ine ndili kuseri kwa katani, kuti, "Bambo, inu simunadziwe?" Anadziwa. Anati dzanja litangolemera anadziyang'ana pa galasi la wadiropu n'kuona mlomo wapotoka, ndipo anadziwa dzina la matendawo ndi nthawi imene anali nayo. Zinawachitikirapo pang'ono kumudzi n'kutha zokha, osauza munthu, ndiye ankayembekeza kuti zithanso. Ndipo ankadziwa kuti akangotchula ambulansi, ine nditsegula chitseko.

"Mwana... wa eni," anatero. "Andione... choncho?"

Atatuluka m'chipatala anabwera kwathu. Mwamuna wanga sakanasiya ntchito, ndipo munthu wina panalibe. Ndiye ine amene sindinawagwirepo chanza ndinayamba kuwasambitsa, kuwavala, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pa chikuku. Tsiku loyamba kubafa anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatsegula madzi kwambiri kuti tisamvane. Pa sabata yachiwiri tinali titazolowera. Ndinkawauza kuti, "Kwezani mkono, bambo," iwo n'kukweza wamanzere, wamanja ndikukweza ine. Zinali zosavuta chotero. Ndi zimene zimandiwawa mpaka lero, kuti zinali zosavuta.

Anthu a mafizo anatipatsa kampira kofewa koti azifinya. Ankayesa mpaka thukuta, zala osapindika. Tsiku lina anandilozera ulusi wanga. Ndinawapatsa, ndinawaikira ndi kapu. Anayesa kumanga mfundo ndi dzanja lamanzere ndi mano, kapu inagwa n'kusweka. Anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine m'maso, koyamba chikwatiwireni, n'kupukusa mutu. Sanapemphenso ulusi.

Madzulo kukazizira ndinkawatengera ku paki, khanda kumbuyo, wamkulu akuthamanga kutsogolo. Mwanayo ankawalankhula Chingerezi chake cha kuno, iwo n'kumangomwetulira mbali imodzi. Azungu odutsa ankatipatsa moni mwachifundo. Kwa iwo anali nkhalamba yodwala basi. Nthawi zina ndinkafuna kuwaimitsa ndi kuwauza kuti dzanja lagona pamiyendoli linatulutsa ana odzaza sukulu, koma Chingerezi changa sichifika kumeneko.

Viza yawo itatha, mwamuna wanga anawaperekeza kumudzi. Akukhala ndi achemwali awo, azakhali aja ankandikana. Masiku ano azakhaliwo amandiimbira okha kufunsa mmene ndinkawatembenuzira pabedi kuti asachite zilonda, ndipo amanditchula kuti mwana wanga. Akawaikira foni kukhutu, bambo amati "mayi", kenaka amapuma nthawi yaitali, ine n'kumadikira. Kudikira ndimatha. Nthawi zambiri mawu achiwiri safika.

A chipani sanapiteko kukawaona. Amene amapita ndi amayi okalamba a tsidya lija, ndi nthochi kapena mazira m'kambale, ena kukawaonetsa zipsera zakalekale. Ena sanamvetse bwino, amafikabe ndi ana odwala, ndipo azakhali amawabweza pageti.

Moyo ulipo, sitikana. Chinatayika ndi dzanja lamanja, mwendo umodzi, ndi mawu ambiri a munthu amene ankalankhula pa misonkhano ya chigawo chonse. Miyezi ija yokaphunziranso sanaiyambe. Ofesi ija anabwereka munthu wogula soya, mashelefu amene bambo anakhomera mankhwala akuikapo masikelo ndi matumba. Tsidya lija kulibe mlatho, kulibenso dokotala.