Chigwinjiri cha mu Giyabokosi

Amakaniko a pa esiteti pathu salankhula zambiri. Lole ikadwala, amagunditsa ndodo pa chitsulo, mbali inayo kukhutu, n'kumamvetsera ngati namwino wa ku Makwasa. Mawu awo ndi amodzi: "Chitsulo chimalira chisanafe."

Chaka chatha lole imene ndinkayendetsa inayamba kulumpha magiya. Anandichenjeza kawiri, ine osamva. Atamasula giyabokosi anapeza kuti bushi yadyeka, kamphete kamkuwa kamene shafiti imazunguliramo. Yatsopano inali yodikira sitima miyezi itatu, ndipo bwana anati tiyi akawonongeka, ntchito yanga yatha.

M'mawa mwake amakaniko aja anabwera ndi chigwinjiri chamkuwa cha malemu akazi awo, chimene mayiwo anavala powoloka Ruo kuthawa Apwitikizi. Anachisungunula, n'kuchipala ndi tupa mpaka chinakwana m'malo mwa bushi ija.

"Musatero, bambo," ndinatero asanayambe, koma motsitsa mawu, kuopa kuti angandimveredi.

Mwezi watha bwana anagulitsa lole ija ku Limbe. Ndinakaisiya ndine, osawauza amakaniko.

Masiku ano lole iliyonse ikamakwera chitunda, amaika sipanala pansi n'kutchera khutu. Sanandifunsepo kanthu.