Nsinjiro mu sopa wanga wochepetsa thupi

Mwaswera bwanji nonse. Ine ndapsa mtima.

Paja anamwino ku Fingoe anandiuza kuti ndichepetse thupi chifukwa magazi akuthamanga, ndipo mwana wanga Rozita ananditumizira mapakoti a sopa, msuzi wochepetsa thupi, kuchokera ku Tete. Masiku oyamba ankangomveka ngati madzi otsukira mbale. Alamu anga a Fatima atayamba kundiphikira, sopa uja anayamba kukoma, ine n'kumawathokoza.

Lero kuchipatala ndakwera pa balansa, ndawonjezera makilo atatu!

Pobwera ndawapeza a Fatima kukhitchini akuthira nsinjiro zodzaza dzanja mu sopa wanga, pambali pali kabotolo ka mafuta a nkhumba. Manyazi alibe. Akuti, "Mlamu, mukaonda anthu kutchalitchi adzati achimwene sakukudyetsani, kapena mukudwala. Dzina la banja lathu liipe chifukwa cha timadzi iti?"

Milungu itatu yonseyi ndakhala ndikukana nyama, kumangomeza malovu ena akudya, kumadziona ngati wolimba mtima!

Ndiye ndiuzeni abale: ndiwalande mphika, kapena ndidikire anthu a kutchalitchiwo adzayamikire kunenepa kwanga ndili m'bokosi?