Masamba a pichesi pa msewu wa ku Joni

Zaka makumi anayi ndi chimodzi zakwana chidziwireni a Manasseh Harawa. Ndinawapeza ku Katowo, m'boma la Rumphi, nditangofika kuchokera ku Dowa kudzagwira ntchito ya msewu, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kunena kuti yewo, zikomo wa Chitumbuka. Sindiwakometsera. Ndi munthu wouma mutu, sachedwa kupsa mtima, ndipo akati ayi, ngakhale abusa amangonyamula Baibulo lawo n'kumapita. Koma bodza alibe. Zimene ndalemba pano anandiuza okha, mwana wawo Hellen n'kutsimikiza.

Ntchito yawo ndi yokonza njinga, pakhonde la sitolo yakale pafupi ndi chigayo. Koma Katowo yonse imawadziwa ndi ntchito ina imene palibe anawalemba. Pakagwa zovuta, kaya kwa mkulu wa mpingo, kaya kwa chidakwa, a Harawa amasiya sipanala, kutenga chikwanje n'kukadula nthambi zamasamba. Amaziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya maliro, kuti wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro, wa chipewa avule. Akatero amaima chapafupi n'kumayang'ana. Dalaivala wa matola akadutsa ngati sanaone, mawa lake amamva mawu amene sangawaiwale.

Hellen ndiye mwana wawo woyamba, namwino. Mu 2003 anapita kukagwira ntchito ku Joni bambo ake asakufuna. Chifukwa chinalipo: mkulu wawo wa a Harawa anapita kumigodi kalekale ndipo sanabwerere, ngakhale manda ake palibe akuwadziwa. Tsiku limene Hellen ankanyamuka anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Pita, koma phazi langa silidzaponda kumeneko." Kwa zaka zisanu ndi zinayi, mwanayo akaimba foni, iwo ankangoti "tili makora" n'kupatsira mayi ake.

Mu 2012, anthu atamaliza kukolola, Hellen anatumiza tikiti ya basi. Inali imodzi, poti mayi ake, a NyaMsiska, miyendo inali itayamba kuwavuta.

"Akuti mukapume milungu itatu," anatero a NyaMsiska. "Iwiri ku Joni, wachitatu akakuonetseni nyanja yamchere ku Durban. Akuti ndi tchuthi."

"Tchuthi ndi cha ana asukulu. Ine ndili folomu chani?"

"A Harawa, ana a eni mwawayalira masamba mpaka mitengo yatha m'Katowo muno. Wanuyu mukudikira kuti mudzamuyalire akubwera m'bokosi?"

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu a Harawa anatulutsa jekete la ku tchalitchi n'kuliyanika padzuwa.

Ulendo unali wa masiku awiri kuchokera ku Mzuzu, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, ndipo pachipata cha Beitbridge anaima pamzere mpaka mapazi kutupa. Atafika, zabwino anaziona ndipo sabisa. Madzi otentha ankatuluka pakhoma. Hellen anawatengera kusitolo ya njinga zokhazokha, kumene anatha maola awiri akupapasa matcheni ndi mahabu mpaka wogulitsa anawapatsa mpando. Lamulungu anakapemphera ndi anthu akwathu, ndipo atamva nyimbo ya Chitumbuka pakati pa mzinda wa eni, anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Koma kunyumba kwa Hellen sikunawakomere. Mpanda unali wautali kuposa munthu, pamwamba pake waya wamagetsi. Chitseko chinali ndi maloko atatu. Pakhomo la sitolo iliyonse panali mlonda wa mfuti. Hellen anawapatsa malamulo tsiku loyamba lomwelo.

"Adada, musatuluke pageti nokha. Wina akagogoda musatsegule. Mukamva chinthu chaphulika, gonani pansi."

"Kodi wandiitanira ku tchuthi kapena kundende?"

"Ndikufuna mubwerere kwa amama muli amoyo, basi."

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lachiwiri m'mawa, akumwa tiyi, kunja kunamveka phuu, phuu, phuu. A Harawa anaganiza kuti ndi chubu chaphulika, ndipo anadzuka kuti akaone. Hellen anawagwira lamba n'kuwagwetsera pansi, tiyi yense m'malaya. Anagona pamenepo mpaka anamva mfuu ya mayi kutsidya kwa msewu.

Woomberedwayo anali mwana wa mayiyo, wa nyumba yoyang'anana ndi ya Hellen, bambo wa zaka makumi atatu ndi zingapo, mphunzitsi. Ankatulutsa galimoto pageti kuti apite kuntchito. Achifwamba anamuwombera n'kuthawa ndi galimotoyo. Apolisi anabwera, thupi linanyamulidwa, wina anatsuka pamalopo ndi paipi. Pofika masana magalimoto ankadutsa ngati dzulo, wailesi zili pamwamba.

A Harawa anavala jekete n'kuima pakhomo. "Tiye tikapepese."

"Kuno sitipita osaitanidwa, adada. Sindikuwadziwa bwino. Ndimangodziwa kuti mayiyo dzina lawo ndi a Muriel."

"Wakhala zaka zingati panyumba pano?"

"Zisanu."

"Zaka zisanu mageti akuyang'anana, iwe ukudziwa dzina lokha? Nanga ukafa iweyo adzakunyamula ndani?" Anavula jekete n'kuliponya pampando. "Mfuti sindikuziopa ine. Chandiopsa ndi ichi. Undigulire tikiti ya Lachinayi. Kunyanja yako yamchereyo upite wekha, ndipo usadzandiitanenso."

Hellen ankawadziwa bambo ake. Anadziwa kuti akakwera basi imeneyo, zaka zisanu ndi zinayi zija ziyambiranso, mwina mpaka kumanda. Analira, anachonderera, koma potsiriza anati adzera kokagula tikitiyo mawa.

Lachitatu m'mawa Hellen anapita kuntchito. A Harawa anakhala pawindo la chipinda cham'mwamba, pomwe msewu unkaoneka. Geti la a Muriel linali lotseka. Panalibe tenti, panalibe nyimbo, panalibe ngakhale munthu mmodzi wokhala panja. Minibasi inadutsa ikuliza hutala, mnyamata wake atatulutsa mutu akuitana anthu. Phokoso litatha, anamva mayi uja akulira yekha kuseri kwa khoma, motsitsa, ngati munthu woopa kusokoneza anzake.

Pamenepo anaimirira. Chikwanje m'nyumbamo munalibe, choncho anatenga mpeni wa buledi. Kuseri kunali mtengo umodzi wokha, wa pichesi, umene Hellen anadzala yekha. Anaudula nthambi zapansi zonse. Kiyi wa geti anali pamsomali kuseri kwa chitseko. Anatuluka, anayala nthambi zinayi kumtunda, zinayi kumunsi, mopingasa monga amachitira ku Katowo. Kenaka anaima pambali, chipewa kudzanja lina, mpeni kudzanja lina.

Chimene sankadziwa n'chakuti kumeneko zinthu zikayalidwa pamsewu, anthu amati ndi msampha wa achifwamba woimitsira magalimoto.

Galimoto yoyamba inafika, inaima mwadzidzidzi matayala kulira, n'kubwerera chafutambuyo mothamanga. A Harawa anagwedeza mutu mokhutira. "Ulemu ulipo ndithu," anadziuza, "koma wapyola muyeso. Akanangodutsa pang'onopang'ono." Yachiwiri inachita chimodzimodzi. Yachitatu inali ya alonda a m'deralo, nyali zili phethiphethi. Munatuluka amuna awiri, mfuti zili m'manja.

"Taya mpeni! Gona pansi!"

Chingerezi cha ku mishoni a Harawa amachimva. Mpeni anautaya. Koma kugona pafumbi ndi jekete la ku tchalitchi sanathe, choncho anagwada n'kuyamba kuomba m'manja monga tichitira kwa akuluakulu. "Yewo, yewo, pepani chomene."

"Manja m'mwamba! Anzako ali kuti?"

Anandiuza okha kuti kamwa la mfutiyo ankaliona lalikulu ngati paipi ya mjigo. Anakumbukira mkulu wawo wopanda manda uja. Anakumbukiranso kuti mawu omaliza amene anamuuza Hellen anali akuti usadzandiitanenso.

"Ndilibe anzanga," anatero. "Pali maliro apa."

"Maliro ndiye mitengo pamsewu? Ukutinamiza, mdala iwe!"

Geti lakutsidya linatseguka. Anatuluka mayi wamtali, wopanda nsapato, maso otupa. Anali a Muriel. Anamva kukuwa, n'kuganiza kuti za dzulo zabweranso. Anathamanga n'kudzaima pakati pa mfuti ndi a Harawa.

"Zakwana! Pakhomo panga zakwana! Tsitsani zimenezo!"

Alonda anatsitsa pang'ono. Mayiyo anatembenuka n'kuyang'ana nkhalamba yogwada, kenaka nthambi zija. "Inu ndinu ndani, bambo? Mwaikiranji zimenezi?"

"Ndine bambo ake a namwino wa nyumba iyi. Ndachokera ku Malawi." Analoza nthambi zija. "Amama, kwathu munthu akamwalira, msewu uyenera kudziwa. Timayala masamba kuti wodutsa achepetse liwiro, avule chipewa. Ine mwana wanu sindinamudziwe. Koma ndaona magalimoto akuthamanga pomwe anagwera, ndiye zandikanika kukhala."

A Muriel anayang'ananso nthambi zija. Nthambi imodzi inali itasunthidwa ndi tayala la alonda. Anawerama, anaitola, n'kuibwezera pamzere. Kenaka anawagwira dzanja a Harawa n'kuwadzutsa.

"Masamba awa asachoke," anauza alonda. "Dzulo munafika zonse zitatha. Lero mwafulumira, ndiye imani apo muziwauza anthu kuti adutse pang'onopang'ono."

Alonda anayang'anana. Wamkuluyo anaika mfuti m'chimake, anatola chipewa cha a Harawa, n'kuchikuntha fumbi. "Agogo, tsiku lina muzitiuza kaye. Mukanafera nthambi." Anaimika galimoto yawo m'mbali, ndipo mnzakeyo anayamba kukupiza dzanja kwa magalimoto.

Sindinena kuti msewu wonse unatuluka, poti likanakhala bodza. Zinatseguka nyumba zinayi. Wina anabwera ndi mipando, wina ndi ketulo ya tiyi, bambo wina wachikulire anangobwera n'kukhala nawo. A Harawa anakhala panja pa geti mbali ya amuna, monga amakhalira pasiwa paliponse.

Wina anamuimbira Hellen kuntchito. Anafika akuthamanga, yunifolomu ili m'thupi.

"Adada! Mukanafa! Ndikanakawauza chiyani amama?" Anaona nthambi zija, n'kusuzumira kuseri kwa nyumba yake. "Mayo, pichesi wanga!"

"Aphukanso. Lowa uko ukathandize amayi anzako, wachedwa kale ndi zaka zisanu."

Hellen analowa. Anatsuka makapu, anakhala pansi pambali pa a Muriel, ndipo mayiyo anatsamira paphewa pake. Dzuwa litapendeka anatuluka n'kutulutsa kapepala m'chikwama.

"Tikiti yanu ya mawa ndi iyi, adada."

A Harawa anaiyang'ana osaigwira. "Maliro ndi liti?"

"Loweruka."

"Unaona liti woyala masamba akuchoka asanawachotse? Kaisinthe."

Loweruka anaperekeza maliro, pobwera anachotsa nthambi zawo n'kusesa pamsewu. Mlungu wotsatira anapita ku Durban. Anapinda buluku mpaka m'mawondo n'kulowa m'madzi, Hellen atawagwira dzanja. Anatunga ndi chikhatho, kulawa, n'kulavula. "Yaikulu chomene," anatero, "koma nyanja yathu ya ku Chitimba imamweka." Hellen akuti aka kanali koyamba kuseka pamodzi ndi bambo ake chichokereni kwawo.

Zina sizinasinthe. Amene anapha mphunzitsi uja a Harawa sanamve kuti anagwidwa. Mageti anatsekedwanso, maloko ndi atatu omwe aja, ndipo iwo mpaka lero amati mpanda wautali chotere ndi matenda. Achinyamata a ku Katowo akawafunsa za ku Joni amawauza zonse, za sitolo ya njinga ndi za kamwa la mfuti, sachotsapo kanthu. Koma Hellen ndi a Muriel tsopano amasungirana makiyi, ndipo foni ikalira Lamulungu masana, a NyaMsiska amadandaula kuti saigwiranso.

Tsiku lonyamuka ku Joni, a Muriel anawaperekeza mpaka pa basi. Anati chaka chikatha adzavundukula chiliza cha mwana wawo, ndipo akufuna bambo wa masamba adzakhalepo. A Harawa anayankha mawu amodzi: "Ndidzabwera."

Ife tinkati ananena pongotonthoza mayiyo, poti ulendowo ndi wautali ndipo munthuyo ndi wamkulu. Koma chaka chitatha, anthu atakolola, ndinaona jekete lija lili padzuwa. Chikwama chawo ndinanyamula ndine mpaka pamene pamaima matola a ku Rumphi. Asanakwere anatulutsa chikwanje chokulunga m'chiguduli n'kundipatsa.

"Pakagwa zovuta ndisanabwere, zinayi kumtunda, zinayi kumunsi. Osati za minga."

Anakwera, ndipo anapita kukaima pa chiliza chija monga analonjezera.