Masamba pa Kona ya a Gervazio

A Gervazio ndinawadziwa tikuchita lendi mpanda umodzi ku Chigumula. Kwawo ndi ku Nsanje, ndipo anabwera m'tauni kudzagwira ntchito pafakitale ina ku Makata. Fakitaleyo itagulitsidwa matipate atangoyamba, anangowathokoza n'kuwaonetsa geti. Anakhala zaka zambiri akumata matayala m'mbali mwa msewu ku Limbe, mpaka pamene anapeza ntchito kukalabu ya anthu othamangitsa galimoto.

Kalabuyo ndi ya anthu a ndalama zawo. Anagula esiteti yakale kuseri kwa dera lathu, n'kulambula msewu wafumbi wozungulira, n'kutchinga ndi waya. Loweruka amabwera ndi galimoto zomwe sizinyamula wodwala kapena thumba la chimanga, zongothamanga n'kubwerera pomwe zachokera. Ife tikamva phokoso timathamangira kukaanula zovala.

Ntchito ya a Gervazio inali kuima pakona ya kumunsi ndi mbendera ziwiri komanso ovaova, kawailesi kolankhulirana, m'manja. Yachikasu imauza oyendetsa kuti achepetseko liwiro, yofiira imaimitsa mpikisano wonse. Lamulo linali lakuti yofiirayo siikwezedwa pokhapokha a Lucius, mkulu woyendetsa mpikisano, atalamula pa ovaova. Wokweza mwa yekha, ntchito yathera pomwepo. A Gervazio, munthu woti anaulawa ulova mpaka kuwakola, lamulolo analisunga kuposa malamulo khumi a kutchalitchi. Ntchitoyo ndiyo inkaphunzitsa ana awo.

Vuto linali lakuti msewu wa kalabuwo unadula njira yathu yakale yopita kumanda, pakona yawo yomweyo. Anatiikirapo kageti kamene amatsegula mkati mwa sabata, ngati kuti imfa imadziwa masiku.

Loweruka lina kunali mpikisano waukulu, kutabwera ndi alendo ochokera kunja. Tsiku lomwelo ife tinkaika m'manda mkulu wina wa mphakati wathu, ndipo ine ndinali pagulu la amayi oyimba. Titafika pakageti, adzukulu anaphwanya loko n'kulowa. Anathyola nthambi za masamba aawisi, n'kuziyala mopingasa msewu wa mpikisanowo, monga timachitira pamsewu uliwonse pakagwa zovuta.

A Gervazio anathamangira kwa a Mikaili, mkulu wa adzukulu.

"Akuluakulu, chonde imani kaye! Galimoto zanyamuka kale, zikubwera!"

"Taika masamba, achimwene," anayankha a Mikaili osawayang'ana n'komwe. "Alipo munthu m'Malawi muno angaponde masamba a maliro? Bokosi likanyamuka silidikira masewera."

Kunena zoona, nanenso ndinaganiza chomwecho. Masamba amalemekezedwa ndi aliyense. Ngakhale dalaivala wa minibasi amene saopa wapolisi amachotsa phazi akawaona, wanjinga amatsika n'kumakankha. Sitinaganize kuti oyendetsa a mpikisanowa mitu ili m'zipewa zachitsulo, ena si akuno, ndipo amatulukira kuseri kwa kachitunda. Masambawo akanawaona atawaponda kale.

Ndinawamva a Gervazio akukuwa pa ovaova: "Bwana, kona ya kumunsi kuli maliro! Anthu alowa mumsewu!"

"Maliro a chiyaninso? Abwezeni!" anatero mawu a a Lucius. "Yachikasu basi, alendo akuonera. Mwandimva, a Gervazio? Yachikasu!"

Apo n'kuti bokosi lili pakati pa msewu, amayi tikulitsatira, ena ana ali kumbuyo. Nyimbo inkaphimba phokoso la galimoto, koma ine ndinalimva m'mapazi, nthaka ikunjenjemera. Mtima unandichoka. Kutsogolo kunali bokosi, kumbuyo anthu akukankhana pakageti, kothawira kunalibe.

A Gervazio anayang'ana mbendera ziwirizo. Sanachedwe nazo. Anataya yachikasu ndi ovaova, n'kuliyatsa liwiro kukwera kachitundako, pakati penipeni pa msewu, yofiira ili m'mwamba. Bambo wa imvi, nsapato imodzi itavuka, akuthamangira kumene kukuchokera galimoto.

Yoyamba inatulukira, n'kukhwekhwereza matayala, n'kuzungulira, n'kuima chammbali fumbi lili koboo. Yachiwiri pozemba inzakeyo inakalowa pamulu wa matayala otchingira msewu, kutsogolo konse n'kuphwanyika. Zinazo zinaima kumtunda. Fumbi litachepa tinawaona a Gervazio ataimabe, mbendera ili m'mwamba. Palibe anavulala. Nyimbo inali itaduka, koma wina anaiyambanso ndipo tinawoloka.

"Mwaona?" anatero a Mikaili akutembenukira kwa anthu. "Ndinanena ine. Masamba sapondedwa."

Anthu anavomereza. Ambiri anali kumunsi, kachitunda katawatchinga, ndiye anangoona galimoto zitaima. Kumanda, wolankhula m'malo mwa banja anafika pothokoza akalabu chifukwa cholemekeza mwambo. Ine magazi anawira. Pamene iye ankathokoza, a Gervazio n'kuti akuwavula jekete ya ntchito pamaso pa alendo, chifukwa choononga mpikisano ndi galimoto ya bwana.

Ndayesa kufotokoza kumphakati, kuchigayo, paliponse. Amandiyankha kuti ndimawakonda aneba anga. Pakona paja akalabu anaikapo munthu wina wochokera kutali, amene anauzidwa bwino chimene chinachotsetsa mnzake. Loko anagula wamkulu, koma adzukulu athu loko sawaopsa.

A Gervazio anabwerera ku Limbe kukamata matayala, ndipo mwana wawo wamkulu anasiyira sukulu panjira. Za ntchitoyo sadandaula pagulu. Chimene chimawasowetsa mtendere ndi uthenga wa maliro. Akangomva kuti kwagwa zovuta chakumapeto kwa sabata, amasiya matayala n'kupita kusiwa kukapempha kuti mwambo usakhale Loweruka. Ena amawamvera chisoni, ena amawanena kuti akadali munthu wa kalabu.

Lachinayi lapitali kunamwalira mayi wina wa mumpingo mwathu. Achibale akudikira mwana wake wa ku Joni, ndiye mwambo uli Loweruka, tsiku la mpikisano. A Gervazio apita kale kukagwada kwa eni mbumba. Awauza kuti asade nkhawa, masamba aika ambiri.