Nkhope ya Agogo a Tempie

Lavonia Rucker anayendetsa basi ya ana asukulu mumzinda wa Macon kwa zaka zoposa makumi awiri, koma mukamufunsa ntchito yake ankayankha mosaphethira kuti ndi wojambula zithunzi. Ankajambulira m'galaja, galimoto yake ikugona panja n'kumavumbwa ndi mvula.

Ankajambula nkhope za anthu akuda basi. Penti wa m'sitolo wolembedwa kuti "mtundu wa khungu" ankamuseka. "Khungu la ndani limeneli? La nkhumba yopala?" Wake ankasakaniza yekha, poti ankati munthu wakuda si wakuda ayi: pamphumi pamakhala kufiira, pansi pa chibwano kubiriwira, kungoti zimafuna maso odekha.

Mayi wina wogulitsa zithunzi ku Atlanta anamulangizapo kuti azijambula mafumukazi a ku Africa ovala mikanda, chifukwa ndiwo amayenda malonda. Lavonia anakana kwamtuwagalu.

"Ku Africa sindinapondeko, mayi," anatero. "Ndikudziwa kuti tinachokera kumeneko, koma mudzi wake sindiudziwa, ngakhale dzina lathu lenileni. Ndikajambula mikandayo ndiye kuti ndikunama. Kwathu kumene ndikukudziwa ine kumayambira pa agogo a Tempie."

A Tempie anali agogo awo a mayi ake. Anabadwira muukapolo pamunda wa thonje, ndipo mpaka kumwalira palibe anawatolapo chithunzi. Tsono chaka china, abale akukonzekera msonkhano wa banja umene umachitika mwezi wa Julaye uliwonse, anamupempha Lavonia kuti awajambule. Iye anavomera msanga, mantha n'kubwera pambuyo. Munthu amene sunamuonepo ungamujambule bwanji?

Anaganiza zokabwereka nkhopeyo kwa adzukulu. Anayenda khomo ndi khomo ndi kabuku kake. Mphumi anatenga kwa mayi ake aang'ono a Verdell, maso kwa mng'ono wake, mphuno kwa msuweni wake Roscoe.

"Mphuno yokha?" anadandaula Roscoe. "Tenga nkhope yonseyi, msuweni, ndi yaulere."

"Yonseyo ana sangagone nayo tulo," anayankha Lavonia. "Takhazikika, usagwedere."

Chimene chinkamudya mumtima chinali chimodzi. Mwa amoyo onse, amene anawaonapo a Tempie anali amalume ake a Cleophus okha, nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, imene sinayamikirepo kanthu chibadwire, ngakhale chakudya cha akazi awo. Akadzangoti si iwo, ndiye kuti Lavonia wachita bodza lomwe lija anakana ku Atlanta, koma tsopano ponamiza abale ake enieni.

Tsiku la msonkhano linafika. Anthu anadzaza paki atavala malaya ofanana, nsomba zikukazingidwa, ana akuthamangitsana. Lavonia atachotsa nsalu imene inaphimba chithunzicho, onse anaomba m'manja. Iye sanawamve n'komwe. Maso ake anali pa amalume, amene ankabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Anaima patsogolo pa chithunzicho nthawi yaitali.

"Amalume," anafunsa Lavonia, "ndi iwowo?"

"Sindikudziwa."



"Ine ndimakumbukira msana," anapitiriza a Cleophus. "Kukacha ali chowerama pabeseni, kuchapa zovala za azungu. Madzulo ali pasimbi, kusita. Ife tinkalankhula ndi msana wawo. Nkhope inandithawa kalekale, iwe Lavonia, kungoti ndinkachita manyazi kunena."

Lavonia anamva chisoni chachikulu, china cha iye mwini, china cha nkhalambayo. Miyezi inayi ya ntchito, ndipo padziko lonse panalibenso munthu woti angamuuze ngati walondola kapena waphonya. Anatola nsalu ija pansi.

"Ndiye ndichiphimbe, amalume?"

"Uphimbe chiyani? Mutu wako ukuyenda bwino?" Anamukankha dzanja ndi ndodo. "Zaka zonsezi, lero ndi pamene atembenuka kuti andiyang'ane. Iwe Roscoe, usangoti kakasi ngati mtengo, tandikokera mpando apa."

Roscoe anabweretsa mpando. A Cleophus anavula chipewa, nachiika pabondo, n'kukhala moyang'anizana ndi agogo awo. Atawaitana kuti chakudya chapsa, anati anthu ayambe kudya, iwo akadacheza.