Ndinachedwetsa Mlingo Chifukwa cha Amayi

Ndinaganiza zochoka ku Mbamba Bay patatha miyezi isanu ndi itatu chimwalirire amuna anga. Sikuti ndinkathawa umphawi ayi, umphawi tinali titauzolowera. Ndinkathawa maso a anthu. Amuna anga anamwalira atawonda mpaka wotchi yawo kumasendera kufika pachigongono, ndipo kwathu kuja munthu akafa chowonda aliyense amadziwa kale dzina la matenda ake, safunsanso. Titangoika maliro, maso onse anatembenukira kwa ine. Ndikapita kudoko kukagula usipa, amayi ogulitsa ankayamba ayang'ana khosi langa, moni pambuyo. Ndinayezetsa magazi kawiri, kachilombo sanakapeze, koma pepala la kuchipatala sungalimate pachipumi. Tsiku lina mnzanga wa kukwaya anandigwira padzanja n'kundifunsa motsitsa mawu, “Koma ukudya, Agnesi?” Ndinangobwerera kunyumba n'kuwauza amayi kuti ndikupita ku Dar es Salaam.

Ntchito ndinaipeza pakantini ya kampani ina yonyamula katundu, yophika pilau, tchipisi ndi maandazi. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ka lendi ku Buguruni. Kuntchito Chiswahili chokhachokha, pobwera kunyumba zii, wopanda ngakhale munthu woti ndikangane naye m'Chichewa. Ndikaweruka ndinkatenga zotsala za kukantini m'kabakuli, n'kukhala pabedi kumadya. Njala sinali njala kwenikweni, kunali kusowa wocheza naye basi.

Ndiye ndinanenepa, abale inu! Ndipo ndinakondwera nako kunenepako, ndisaname. Chithunzi choyamba chimene masaya anaoneka, amayi anandiyankha ndi uthenga wa mawu akuseka: “Eya, tsopano ndiwe munthu!” Foni ija ankapita nayo kutchalitchi, kumsika, ngakhale kumaliro, kuonetsa aliyense amene anandinenapo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, nyumba tinaifolera ndi malata, koma malatawo sanawasangalatse amayi ngati mikono yanga. Thupi langa ndi limene linatseka anthu pakamwa.

Chaka chachisanu ndi chiwiri ndili ku Dar es Salaam, maondo anayamba kukana. Ludzu losatha, chizungulire ndikaima pambaula, kukwera minibasi ya daladala mpaka kondakitala kundikoka. Adokotala, mayi wachitsikana wosazungulira polankhula, anati shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo ndikapitiriza chonchi miyendo iyi ndidzayenda nayo movutika ndisanakwane zaka makumi asanu. Ndinayesa kudziletsa kudya, koma wophika angadziletse bwanji tsiku lonse ali mu fungo la mafuta? Pomaliza anandilembera jakisoni wochepetsa thupi, wodzibaya wekha pamimba kamodzi pamlungu. Chobayiracho chimaoneka ngati peni yonenepa. Mtengo wake ndinagwira pakamwa. Inshuwaransi ya kuntchito inkalipirako pang'ono, zotsalazo zinkachoka m'thumba langa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachepetsa zotumiza kwathu, n'kunamizira lendi.

Anandifotokozera bwino adokotala aja. Umayamba ndi mlingo wochepa kwambiri kwa milungu inayi kuti mimba izolowere. Kenako umakwera sitepe imodzi, koma pokhapokha ngati thupi lakhazikika. Ukamasanzabe, ukamalephera kudya, umakhala pomwepo, palibe mpikisano. Ine ndinasankha kumabaya Lachitatu. Milungu yoyamba nseru inandizunza zedi, ndinkaphika maandazi nditamanga kansalu pamphuno. Panalibe woti ndimudandaulire. Amayi akaimba ndinkati ndili bwino, n'kutumiza chithunzi chakale.

Pa sitepe yachiwiri thupi linayamba kutsika bwinobwino. Ndinkakwera masitepe a kukantini osapumira, madiresi kumalendewera. Ndinkadziyang'ana pagalasi n'kumva zinthu ziwiri pakamodzi, kupepuka ndi mantha.

Mu Novembala sikelo inaima. Milungu inadutsa osasuntha, njala yamadzulo ija n'kubwereranso, shuga naye osatsika kufika pamene ankafuna. Adokotala anandifunsa mafunso awo a nthawi zonse: ndikusanza? Ndikudya n'kumwa madzi bwino? M'mimba mukuyenda? Zonse ndinayankha bwino.

“Ndiye nthawi yakwana,” iwo anatero. “Tikwere sitepe yachitatu.”

“Tidikire Januwale, adokotala.”

“Mukudikira chiyani?”

Ndinati ndili ndi ulendo wa Khirisimasi, masiku awiri pabasi, ndipo mapiri a ku Mbinga amasanzitsa ngakhale munthu wabwinobwino. Anavomera kuti n'zomveka, si bwino kuwonjezera mlingo ukunyamuka ulendo wautali. “Koma Januwale ikhale Januwale,” anatero. Chifukwa chenicheni sindinawauze. Ndinkafuna ndikafike kwathu ndikadali ndi kathupi, ndikathenso kumaliza mbale pamaso pa amayi. Mpaka lero sindidziwa kuti ndikanamufotokozera bwanji munthu wa mumzinda zimenezo.

Peni ija ndinayenda nayo m'fulasiki ya ayisi, poti sifuna kutentha. Titafika pasiteji ku Mbamba Bay ndinawaona amayi ndili pawindo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndinatsika n'kuima patsogolo pawo penipeni. Iwo ankasuzumira kumbuyo kwanga, kuchitseko cha basi, kudikira mwana wawo wa pachithunzi uja. Ndinachita kuwaitana, “Amayi, ndine.” Anandikumbatira, koma ndinamva zala zawo zikufufuza mafupa a paphewa langa. Kenako anangoti, “Wayenda bwanji, mwananga?”

Kunyumba anali ataphika mpunga, nsomba ya mbasa yowotcha ndi nthochi. Ndinalimbana nayo mbale ija ndi mtima wonse, koma ndinalekera pakati. Amayi anaitenga, n'kuiphimba ndi nsonga ya chitenje podutsa pabwalo kuti oyandikana nawo asaone zotsalazo.

Peni ndinakawapatsa achimwene anga a Yohane kuti andisungire m'firiji ya zakumwa kusitolo kwawo. Ndinawachenjeza kuti asaiike kowumitsa nsomba ndi ayisi, ingawonongeke. Anaisunga bwino ndithu, koma pakamwa ndi pamene sanasunge. Tsiku lachitatu amayi a m'dera lathu anayamba kubwera awiriawiri. Ankakhala pakhonde, kulankhula motsitsa ngati mmene timachitira kwa wodwala, n'kumandipepesa m'Chiswahili, “Pole, pole sana.” Wina anabweretsa phala m'kapu. Nkhani inali itamveka kale kuti Agnesi wabwera atatha, ndipo akuchita kudzibaya yekha mankhwala.

Atapita, ndinawaitana amayi kuchipinda. Ndinayala pabedi mapepala onse, la magazi, la shuga, la sikelo. Ndinafotokoza za maondo, za chizungulire, za masitepe a mlingo, zonse.

“Ndiye si matenda aja?” anafunsa.

“Ayi, amayi. Onani apa.”

“Kuwondaku ukuchita kugula?”

“Ee.”

Analira, ndipo ndinaona kuti andikhulupirira. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chifikire. Koma atapukuta misozi anasonkhanitsa mapepala aja n'kundibwezera. “Ine ndamva,” anatero. “Nanga ndiyenda nawo khomo ndi khomo mapepala akowa? Iwe upita. Otsala nawo anthuwa ndine.”

M'mawa wa Khirisimasi ndinapeza amayi atandikonzera zovala. Zitenje ziwiri zomanga m'chiuno mkati, juzi ya malemu bambo anga, pamwamba diresi. Mwezi wa Disembala, kunyanja, jamani! Ndinafuna kukana, koma nkhope yawo inali ya munthu wopempha, osati wolamula. Ndinavala. Ndinakhala m'tchalitchi maola atatu thukuta likutsika kumsana, mutu ukuzungulira. Potuluka ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, “Aa, si kwambiri ngati mmene tinamvera.” Amayi anayenda mutu uli m'mwamba mpaka kunyumba. Ine, mzimayi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndinali pakati pa anthu olankhula chilankhulo changa, odziwa dzina la agogo anga, koma ndinasungulumwa kuposa m'kachipinda kanga ka ku Buguruni.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza pasiteji. Kondakitala akukuwa za Mbinga ndi Songea, amayi anandikokera pambali.

“Jakisoniyo ukapitiriza?”

“Ndikawonjezera mlingo, amayi. Ndinangochedwetsa kuti ndibwere kuno. Ndiwondabe kuposa apa.”

Anayang'ana matayala a basi. Kenako anati, “Kachite zimene adokotala anena. Ndikufuna ukhale ndi moyo, usandisiye ngati mmene anatisiyira amuna ako.” Anandikonza kolala ya bulauzi, n'kuwonjezera osandiyang'ana kumaso, “Koma Pasaka usabwere kaye. Uzingoimba.”

Mlingo ndinawonjezera Lachitatu lachiwiri la Januwale. Nseru inabwera masiku angapo n'kupita, shuga watsika, maondo sakundivutanso. Kale ndinkaganiza kuti ndikadzachira ndiye ndidzabwerera kwathu kokakhala, mwina kutsegula kamalo kanga kophikira pafupi ndi doko. Ulendo uja unandionetsa kuti kwathu amandikonda zedi, koma thupi limene angathe kundilandira nalo ndi lomwelo limene linkandipha. Amayi amaimba Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, amafunsa ngati ndabaya, amafunsanso ngati ndadya. Pasaka wadutsa, ndipo sananenebe kuti ndibwere liti.