Nambala ya ku Joni Imene Sinkayankha

Inu amene mumagwira ntchito imene anthu amaiyamikira koma osakudyetsani, imvani za Dailes wa ku Nsipe.

Tsiku lina mu Febuluwale, Dailes anakhala m'mbali mwa msewu wa M1 ndi ndowa ziwiri zopanda kanthu. Mpamba wake wa mbatatesi unali utatha. Sunabedwe ayi, unathera m'mabandulo a foni ndi m'maminibasi pokasaka nkhani zoti anthu awerenge ulere. Mayeso a Folomu 4 analephera kawiri, tsopano bizinesi nayo inamukana. Owerenga anali nawo zikwi zitatu, koma ndalama ya sopo analibe.

Zonsezi zinayamba ndi kusowa munthu. Achimwene ake, a Goliati, anapita ku Joni zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, n'kungoti zii. Dailes ankawasowa koopsa. Anayamba kuwalembera Lachisanu lililonse pa WhatsApp: mvula yagwa liti, ndani wakwatira, ndowa ya mbatatesi ili pa zingati. Poti nambala yawo inafa kalekale, ankatumiza kwa anthu a ku Ntcheu okhala ku Joni, kuti mwina wina awaonetsa. Anthuwo, nawonso mitima ili kumudzi, anayamba kugawana, ndipo "Kalata ya Kwathu" inabadwa choncho.

Pakati pa owerengawo panali nambala imodzi ya ku Joni yopanda dzina, yopanda chithunzi. Inkatsegula kalata iliyonse ena asanatsegule, koma osalemba ngakhale "zikomo". Akaiimbira, osayankha. Mtima wa Dailes unkamuuza kuti amenewo ndi achimwene.

Edna, mnzake wogulitsa tomato, sanamunyengerere.

"Iwe, alipiritse anthuwa. Ngakhale chimbudzi cha pamsika sitilowa ulere."

"Nanga nambala ija ikapanda kulipira?" anatero Dailes. "Ndiye kuti ndawatsekera chitseko achimwene."

"Foni yako ikazima, watsekera onse."

Dailes anagona nawo mawuwo sabata yathunthu, kenako analengeza kuti wofuna kalata azipereka K2,000 pamwezi. Pa anthu zikwi zitatu aja, analipira makumi anayi okha. Ena anamunyoza kuti wolephera mayeso wadziyesa mtolankhani. Nambala ija sinalipire, ndipo Lachisanu loyambalo Dailes anatumiza kalata misozi ikugwera pafoni.

Kenako anachita cholakwa chimene mpaka lero akachikumbuka amawerama. Ku Kasinje kunamwalira mayi wina, iye n'kulemba uthengawo m'kalata ya olipira okha. Mwana wa malemuyo, a Kingston, anali ku Durban atasintha nambala, ndipo za kumudzi ankazimvera m'kalatamo, koma sanali m'gulu la olipira. Anamva patatha sabata, mayi awo ataikidwa kale. Anamuimbira Dailes foni.

"Chemwali, uthenga wa maliro mwayamba kugulitsa?"

Amayi a Dailes, omwe anamva zonse, sanamuikire kumbuyo.

"Kwathu kuno wokanena maliro amayenda ngakhale mvula ikugwa, ndipo safunsa kanthu. Walakwa, mwana wanga."

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Dailes anakwera kabaza mpaka ku Kasinje, nakagwada pamaso pa anamfedwa kupepesa. Atabwerako anaika lamulo limene sanalisinthenso: za maliro ndi matenda zizipita kwa aliyense ulere, zina zonse ndi za olipira.

Ndiye anagwira ntchito mwana wamkazi. Loweruka ali ku Sharpevale kujambula minda, Lolemba ali kwa agogo ena kuwajambula mawu oti zidzukulu za ku Joni zimve. Wolipira akapempha kuti akamuonere ngati nyumba imene akumangitsa yafikadi pa mawindo, Dailes ankapita, n'kunena zoona ngakhale zowawa. Woyamba kubwerera anali a Kingston omwe aja, ndipo anabwera ndi anzawo khumi. Chaka chisanathe olipira anapitirira mazana anayi, ndowa zija zinadzazanso, ndipo Dailes analembetsa mayeso kachitatu.

Koma chisangalalo chake chinali choperewera. Nambala ija inkangolandira mauthenga a maliro, n'kumawatsegula msangamsanga ngati kale.

Masana ena akupimira kasitomala mbatatesi, foni inalira. Inali ndalama yolipirira kalata, yochokera ku Joni. Potumiza ndalama kuchokera kumeneko munthu amaonetsa chiphaso, choncho dzina silibisika. Dailes anawerenga kawiri: Goliati Mfundo. Ndowa inamupulumuka, mbatatesi n'kumwazikira mumsewu.

Posakhalitsa nambala ija inalemba koyamba.

"Dailes, ndine. Ndinkawerenga mobisala chifukwa cha manyazi, kuno sindinapate kanthu. Chaka chonsechi ndakhala ndikutsegula mauthenga a maliro okhaokha, ndikupemphera kuti dzina la amayi lisatuluke. Ndatopa. Ndikufuna ndizimva za iwo adakali moyo."

Dailes anathamangira kunyumba osatola mbatatesi zija. Amayi anamvetsera, napempha kuti awawerengerenso, kenako anapukuta maso ndi chitenje.

"Umuuze kuti sitinamutume chuma. Angobwera."

A Goliati sanafikebe. Akuti abwera mu Disembala, ndipo basi ya ku Joni ikaima pa Nsipe amayi amaimirira, dzanja lili pachipumi, kuyang'ana otsika. Koma tsopano Lachisanu lililonse kalata ikapita, yankho limabwera.

Abale, Dailes ankaopa kuti akaika mtengo pa thukuta lake ataya munthu amene ankamulembera. Mtengo womwewo ndi umene unamubwezera dzina la achimwene ake. Ntchito yanu musaichitire manyazi, mukalakwa pepesani, ndipo dziwani chimene sichigulitsidwa. Ngati pali amene mukumudikira, pitirizani kulemba. Osataya mtima, mwina akuwerenga.